Bokosi la Zowenga

"Werengani nokha," anatero amayi ophika, uku akukankhira tabuleti m'manja mwa Namakani. "Palembedwa chiyani pamenepo? Ndiuzeni, mwina maso angawa ndi amene atha ntchito."

Namakani anapukuta mafuta pagalasi ndi nsonga ya malaya ake. Panali chithunzi cha kamtsikana kovala juzi yachikasu, dzina lake, kalasi yake, ndipo chakumunsi kunali bokosi lolembedwa kuti Zowenga. Bokosilo linali mbee, lopanda ngakhale kadontho.

"Mulibe kanthu," anayankha motsitsa mawu.

"Ndiye ine ndalakwa pati? Ndinayang'ana monga ndimachitira m'mawa uliwonse. Mukakhala mopanda kanthu, ndiye kuti mwanayo amadya zonse. Ndinamupatsa bisiketi ya mtedza ngati anzake. Anandiuza zikomo, mwana uja! Ndisanamalize n'komwe kugawira enawo, ndinangomva aphunzitsi akukuwa."

Anamasula epuloni, n'kuimanganso, n'kuimasulanso. Zinachitika dzulo lake. Milomo ya mwanayo inatupa, mpweya unayamba kutuluka molira ngati wenzulo, ndipo mphunzitsi wina anathamanga naye wopanda nsapato kukaimitsa galimoto pamsewu. Tsopano anali kuchipatala. Madokotala anati wapulumuka.

Namakani ankagwira ntchito pa kakampani ka alamu ake, amuna a mkulu wake. Analipo atatu okha, ndipo ankapanga masamba a pa intaneti a masukulu ndi mashopu. Tsamba la sukulu ya mkaka imeneyi linali lawo. Dzina loti Namakani anamupatsa ndi mkulu wakeyo ali wamng'ono, ndipo linamukanirira moti ngakhale makasitomala ankamuitana choncho.

Ahedi a sukuluyo analowa m'khitchinimo, magalasi akulendewera pachifuwa. Anali mayi wamfupi, wosakonda kuzungulira polankhula.

"Mayi ake a mwanayu ananena za mtedza tsiku lomwe anabwera kudzamulembetsa," anatero. "Ndinalowetsa ndi zala zangazi. Ndiye mawu amenewo anapita kuti? Kapena kompyuta yanuyi imadya mtedza?"

Namakani anatsegula laputopu pamwamba pa firiji, pakati pa mathireyi a mazira. Analowa m'nkhokwe mmene munkasungidwa zonse zokhudza ana, n'kufufuza dzina la kamtsikanako. Mawu aja anali pomwepo: mtedza, umamuwenga kwambiri. Nkhokwe inkadziwa. Tsamba ndi limene silinapite kukawatenga.

"Mawuwo alipo, mayi."

"Alipo kuti? Kwanuko? Ifetu timaphikira kuno."

Namakani anatseka laputopu n'kutsanzika, koma palibe anamuyankha.

Ofesi yawo inali chipinda chimodzi pamwamba pa shopu yomata matayala. Makina opopera mpweya akalira pansipo, makapu ankavina pashelefu. Ndevu, bambo wofatsa amene ankayang'anira nkhokwe, anamvetsera nkhaniyo atagwira tsaya.

"Mwezi watha ahedi anapempha kuti bokosi lija lizisunganso zakudya zimene makolo amakaniza pa zifukwa zina," anatero. "Ndiye m'nkhokwe ndinachotsa dzina loti zowenga n'kuikapo loti zoletsedwa. Nditatsegula tsamba, linatseguka bwinobwino. Silinadandaule."

"Silingadandaule," anatero Namakani. "Analiphunzitsa kukhala chete."

Alamu ake anadzutsa mutu. Onse atatu ankadziwa chimene ankatanthauza. Pa tsambalo, bokosi lililonse linkaitanitsa zoti lionetse potchula dzina lolembedwa pamanja, ndipo kompyuta sinkafunsa ngati dzinalo lilipodi m'nkhokwe. Kuwonjezera apo, kalekale alamuwo anaikamo kalamulo kawokawo: dzina likasowa, bokosi lizingokhala lopanda kanthu, kuti kasitomala asamaone zolakwika n'kuyamba kuimba mafoni. Kalamuloko ankakanyadira. Ankati ndi kamene kanawapatsa mbiri yoti masamba awo sagwa.

Anakokera kiyibodi pafupi, anasintha liwu limodzi, n'kudina batani.

"Basi, zatheka. Imbira ahedi uwauze kuti atsegulenso."

"Mwakonza bokosi limodzi, alamu. Nanga enawo? Onse amaitana mayina ngati munthu wokuwa pamsika, osadziwa ngati woitanidwayo alipo kapena anasamuka."

"Ndiye ukufuna titani? Tiwotche ofesi?"

"Timange modelo. Tilembe pamalo amodzi kuti mwana ndi chiyani: dzina lake ndi mawu, tsiku lobadwa ndi tsiku, nambala ya foni ndi nambala. Ikhale ngati chikombole. Kenako bokosi lililonse tilimangirire pamenepo. Ndevu akadzasinthanso dzina, kompyuta izidzakana kumanga tsambalo muofesi muno, ife tikuona, osati kukhitchini mwana atameza kale."

Alamuwo anawomba m'manja kamodzi n'kuseka.

"Tamumvani mlamu wangayu! Anzake amafuna kompyuta yomvera, iye akufuna yamakani ngati mwini wake. Ndevu, ukadzamva kuti wapeza banja, ukamupepese mwamunayo m'malo mwanga."

Ndevu sanaseke. Ankangosisita ndevu zake, maso ali pansi.

"Tsamba limeneli ndinalilemba iwe ukulira ndi masamu patebulo langa," anapitiriza alamuwo, chiseko chitatha. "Lagwira ntchito zaka zonsezi."

"Mpaka dzulo."

Makina a matayala analira pansi paja. Alamuwo anadikira kuti asiye, kenako anatenga makiyi a galimoto.

"Chita zimene ukufuna. Koma sabata ikamatha ukhale utamaliza, ndipo ntchito zinazo zisaime."

Namakani anayamba tsiku lomwelo. Analemba modelo ya mwana, ya kholo, ya kalasi ndi ya chakudya. Pa zowenga anaganizapo nthawi yaitali. Bokosi lopanda kanthu ndi limene linanamiza amayi ophika, choncho anaganiza kuti lisadzakhalenso lopanda kanthu. Mwana aliyense azikhala m'gulu limodzi mwa atatu: amene zilipo zomuwenga, amene makolo ananena kuti palibe, ndi amene sanafunsidwe. Ndipo analamula kuti tsamba la kukhitchini lisamaonetse chakudya cha kalasi ngati m'kalasimo muli mwana amene sanafunsidwe.

Atauza kompyuta kuti imange tsambalo, sikirini inadzaza mizere yofiira, yotsika mpaka kusowa pothera. Alamu ake anali akudutsa ndi kapu ya tiyi. Anaima kumbuyo kwake.

"Eee! Tsamba langa linalibe cholakwika ndi chimodzi chomwe. Wangolikhudza iwe, latuluka chikuku."

"Zinalimo kale, alamu. Zimangobisala."

"Zikanapitiriza kubisala, tonse tikanagona tulo."

Anapitirira. Namakani analuma mlomo n'kuyamba ndi mzere woyamba. Yambiri inali timavuto tosaopsa: chilembo chachikulu pamalo pa chaching'ono, dzina lolembedwa mosiyana pa masamba awiri. Koma ina inali yoopsa. Bokosi la munthu wachiwiri woimbiridwa mwana akadwala linali likuitana dzina limene linachotsedwa kalekale, ndipo aphunzitsi ankangoganiza kuti makolo sanapereke. Atamuonetsa Ndevu, bamboyo anangopukusa mutu n'kubwerera pampando wake.

Ntchito zina sizinaime, monga analamulira alamu. Foni inkalira, wa shopu ya nsapato akufuna chithunzi chikule, wa sukulu ina waiwala mawu achinsinsi. Akabwerera ku mizere yake yofiira, ankapeza ataiwala pamene analekezera. Akakonza umodzi, pankatuluka ina iwiri imene woyambawo unkaiphimba. Tsiku lina masana magetsi anathima asanasunge zimene analemba, ndipo anamenya tebulo mpaka womata matayala anakwera kudzafunsa ngati kwagwa munthu.

Loweruka mizere yofiira inatha. Anayesa tsambalo ndi ana ongopeka amene anawalemba yekha, a masiku obadwa olongosoka ndi manambala a foni okwanira. Zonse zinayenda myaa. Anasintha dala dzina limodzi m'modelo, kompyuta inakana nthawi yomweyo n'kuloza bokosi lenileni limene lasokonekera. Anaseka yekhayekha muofesimo. Aka kanali koyamba kuseka sabata imeneyo.

Lamlungu masana anapita kwa mkulu wake monga ankachitira nthawi zonse. Anamupeza kuchipinda akupinda zovala pabedi. Alamu anali atatuluka.

"Gwira uko," anatero mkulu wakeyo, akumuponyera nsonga ya shiti. "Iwe, alamu akowa wawatani? Sabata yonse akungotosatosa chakudya ngati mwana wodwala malungo."

"Sindinawatani, asisi. Ndikukonza tsamba basi."

"Ukukonza tsamba kapena ukukonza iwowo?"

Anakumana pakati, n'kulumikiza nsonga za shitiyo.

"Mwana anatsala pang'ono kufa," anatero Namakani.

"Ukuganiza kuti sakudziwa? Anagula chidole, anapita nacho kuchipatala. Anakaima pakhonde, anawaona mayi a mwanayo atakhala pambali pa bedi, n'kulephera kulowa. Chidolecho chili m'galimoto mpaka lero. Usawauze kuti ndakuuza."

Namakani anaika shiti yopindayo pabedi.

"Sindikunena kuti ukulakwa," anapitiriza mkulu wakeyo. "Za makompyuta zanuzo ine sindizidziwa. Koma iwe ukakhala kuti walondola, umalondola mopweteka. Unali choncho kuyambira uli kamwana. Munthu akagwa, iwe umayamba wamuonetsa mwala umene wamupunthwitsa, kumudzutsa pambuyo."

"Nanga ndiusiye mwalawo kuti ugwetse wina?"

"Ndi zomwezo ndikunenazi. Tenga mapilo awo."

Lolemba m'mawa tsamba latsopano linayamba kugwira ntchito. Namakani anali asanavule n'komwe chikwama paphewa pamene foni ya muofesi inalira. Ndevu anayankha, anaichotsa msanga kukhutu, n'kumupatsira.

"Bwerani kuno pompano!" Anali ahedi. "Sabata yatha munatsala pang'ono kutiphera mwana mmodzi. Lero mukufuna muwaphe onse ndi njala?"

Atafika, anapeza mzere wa makolo utatuluka pageti mpaka kukhota pakona. Ena anali atavala za kuntchito, akuyang'ana mawotchi, ana atawakolekera m'manja. Mphunzitsi wa pageti ankadina dzina la mwana kuti amulembe kuti wafika, tsamba n'kukana ndi mawu ofiira. Ankadinanso mwamphamvu, ngati kuti vuto ndi chala.

"Achemwali, ndinu a kompyuta?" anafunsa bambo wina wa tayi. "Mwana wangayu akuti tsiku lake lobadwa ndi losavomerezeka. Ndimubweze kuti akabadwenso?"

Anthu anaseka, koma chiseko chake chinali chowawa. Namakani anatenga tabuleti ya mphunzitsiyo, n'kuona pamene panali vuto. Ana ake ongopeka aja anali olongosoka chifukwa anawalemba yekha. Ana enieni analembedwa ndi anthu otopa, pa zaka zambiri, m'mabokosi amene ankalandira chilichonse. Pa tsiku lobadwa wina analemba kuti chakumayambiriro kwa chaka. Wina analemba kuti funsani agogo ake. Pa nambala ya foni ena anaika manambala awiri ndi mawu oti yachiwiriyi madzulo okha. Tsamba lakale linkameza zonsezo osatafuna. Modelo yake inkafuna tsiku lenileni ndi nambala yeniyeni, ndipo china chilichonse inkachilavula.

"Alembeni papepala, alowe," anauza mphunzitsiyo. Mawu ake anatuluka aang'ono.

Kukhitchini kunali koposa. Tiyi wamkaka anali atayamba kuchita khambi pamwamba, mazira owiritsa ali m'beseni, ndipo kuchokera m'makalasi kunkamveka kulira kwa ana amene anazolowera kudya akangofika. Amayi ophika anali ataima manja ali m'chiuno. Pa tabuleti yawo, kalasi iliyonse inali ndi mayina achikasu ndi mawu oti sanafunsidwe.

"Poyamba inkandinamiza, lero ikundimana," anatero. "Ndiphike, ndisagawe? Ndiye ndabwera kudzatani?"

Namakani anayang'ana mayinawo. Anali ambiri kuposa mmene ankaganizira, pafupifupi theka la sukulu. Kwa ana amenewo bokosi la zowenga linali lopanda kanthu m'nkhokwe momwemo, ndipo panalibe amene akanadziwa ngati makolo ananena kuti palibe, kapena wolemba anangolumpha funsolo.

Alamu ake anafika thukuta lili kamukamu, laputopu ili m'khwapa. Sanamuyang'ane. Anapita kwa ahedi, amene anali atangolowa kuchokera kugeti.

"Pepani kwambiri, mayi. Ndibwezeretsa tsamba lakale pompano. Musanathe kumwa madzi, zonse zikhala ngati kale."

"Alamu, musabwezeretse la kukhitchini," anatero Namakani. "La pageti ndalakwitsa ine, ndinayenera kuliyesa ndi ana enieni. Koma ili likunena zoona. Ana awa sitikudziwa ngati…"

"Iwe, khala chete! Sunakhute? Tuluka panja ukaone zimene wachita."

Anali asanamukalipirepo pamaso pa anthu. Amayi ophika anatembenukira kumapoto awo.

Ahedi anavala magalasi, n'kutenga tabuleti ya kukhitchini. Anawerenga mayina achikasuwo mmodzimmodzi, milomo ikugwedera. Kulira kwa ana kunkakulirakulira.

"Bambo," anatero potsiriza, "ndikufunseni chinthu chimodzi, ndipo mundiyankhe ngati kholo. Lakale lija mwati munalikonza. Likadzasokonekeranso ngati sabata yatha, ine ndidzadziwa bwanji?"

Alamuwo anasuntha laputopu kuichotsa m'khwapa lina kuiika m'khwapa lina.

"Simudzadziwa, mayi," anatero.

Ahedi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanaoneke okondwa ndi aliyense wa awiriwo.

"Chabwino. La pageti bwezeretsani lakale, makolo azipita kuntchito. La kukhitchini lisiyeni. Amayi, amene mayina awo ndi oyera apatseni zonse kupatula zowawenga. Achikasuwa lero adye mpunga wopanda kanthu ndi nthochi, mpaka titamva kwa makolo awo."

"Mpunga ndiuyambe panopa?" anadandaula amayi ophika. "Nanga mazira onsewa?"

"Tidya ife. Ndipo inu," anatembenukira kwa Namakani, "simukuchoka. Mwatiyambitsira ntchito, muigwira nafe. Aphunzitsi anga ali ndi ana m'manja, sangakhale pafoni."

Anamukhazika m'kachipinda kosungiramo matiresi a ana, pa kampando kofika m'mawondo, foni ya sukulu ili pamwendo. Anayamba ndi dzina loyamba.

"Mwandiimbira ndili mumsonkhano kuti mundifunse za mazira?" anatero mayi wina. "Mwana wanga amadya ngakhale sopo. Lembani choncho."

Bambo wina anati zimenezo amadziwa ndi mayi a mwanayo. Mayi akewo foni yawo inali yothima. Ena sankayankha nambala yachilendo. Wina anaganiza kuti mwana wake wadwala, anayamba kulira Namakani asanamalize moni, ndipo atamva chifukwa chenicheni anamutukwana. Ambiri ankangoti palibe, palibe, palibe, mpaka iye mwini anayamba kudzifunsa ngati zonsezi zinali zoyenera. Msana unkamupweteka. Amayi ophika anamubweretsera mazira awiri m'mbale, anawaika pansi mwamphamvu, n'kutuluka.

Chakumasana anayankha agogo ena a mawu okoka.

"Nsomba, mwanangu. Akangodya, thupi lonse zidzolo, maso kutupa. Kunyumba kuno sitimupatsa n'komwe."

"Kusukulu kuno munawauza, agogo?"

"Anandifunsa ndani? Amene anakamulembetsa ndi amalume ake, ndipo iwo sadziwa kanthu. Bwanji, kumeneko mumawapatsa nsomba?"

Namakani anayang'ana pepala la chakudya cha sabata limene linamatidwa pachitseko. Nsomba zinalipo, Lachinayi.

"Sitimupatsa, agogo. Zikomo."

Analowetsa mawuwo, dzina la mwanayo n'kusiya kukhala lachikasu. Anakauza ahedi, akuganiza kuti mwina nkhope yawo imasuka. Ahedi anangoti, "Mwatsala ndi angati?" Pamene makolo ankabwera kudzatenga ana, mayina ena anali akadali achikasu, ndipo amayi ophika anali atanena kale kuti mawa saphika miphika iwiri.

Anabwerera ku ofesi dzuwa litapendeka. Ndevu anali atapita. Alamu ake anali atakhala pampando wawo, sikirini yothima, akuzunguza cholembera patebulo.

"Makolo awiri anena kuti achotsa ana awo," anatero osamupatsa moni. "Ahedi akuti aganizaganiza ngati apitirize nafe chaka chamawa."

"Tapeza mwana wina, alamu. Nsomba zimamuwenga, ndipo sukulu sinkadziwa."

"Ndamva. Wachita bwino." Anatero mouma, koma sankanyoza. "Sukulu ija ndi yako tsopano. Ikalira, uzilira nayo wekha. Koma masamba enawo usawakhudze. M'mawa ngati wa lerowu sindingaupirire kawiri, ndipo palibe kasitomala angaupirire."

Namakani anakhala pampando wake n'kuyatsa kompyuta. Pofufuza mizere yofiira ija sabata yatha, anaona kuti kalamulo kobisa zolakwika kanali m'masamba onse a kampaniyo. Ambiri analibe choopsa. Bokosi la mtundu wa nsapato likakhala lopanda kanthu, palibe amafa. Koma panali sitolo ya mankhwala ya kumsika, imene inali ndi tsamba la makasitomala okhazikika. Pa tsambalo panali bokosi la mankhwala amene munthu sayenera kumwa.

Analemba mawu ake achinsinsi kuti atsegule tsamba la sitoloyo. Kompyuta inakana. Analembanso pang'onopang'ono, inakananso.

"Ndawasintha mawuwo," anatero alamuwo. "Ndimakudziwa."

"Alamu, la sitolo ya mankhwala lokha. Sindilimanganso lonse. Ndingochotsa kalamulo kaja, kuti dzina likasowa tsamba lizinena."

"Ndaliyang'ana ndekha masana ano. Mayina onse ali m'malo mwake. Palibe cholakwika."

"Lero. Nanga Ndevu akadzasintha china?"

"Ndevu sadzasinthanso kanthu osandiuza."

"Adzaiwala. Inunso mudzaiwala, inenso. Ndi chifukwa chake ndikufuna kompyuta izikumbukira."

"Ndipo ukachotsa, mawa lituluke zofiira anthu ali pamzere ndi odwala awo? Eni sitolo aja sali ngati ahedi. Adzangotithamangitsa. Tidikire mpaka zinthu zizizire."

"Mpaka liti?"

Namakani anayang'ana nkhope ya alamu ake ndipo anaona kuti yatopa, maso alowa m'kati. Anakumbukira zimene mkulu wake anamuuza, nayesetsa kufewetsa mawu.

"Ndiye tiwauze chabe. Adziwe kuti bokosi lija likakhala lopanda kanthu, asamalikhulupirire, azimufunsa munthuyo pakamwa. Tipite limodzi. Mukalankhule ndinu, ine ndikhala chete."

"Ndikawauze kuti tsamba limene ndinawapangira likhoza kunama?"

"Ee."

"Iwe ukhale chete? Iweyo?" Anaseka pang'ono, koma chisekocho sichinapite patali. Anaika cholembera pansi. "Ayi, mlamu. Osati sabata ino."

"Ndiye ndipita ndekha."

Alamuwo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Unakulira m'nyumba mwanga," anatero motsitsa. "Ukapita kumeneko, upite ukudziwa kuti ukukandivula pamaso pa anthu."

Namakani anathimitsa kompyuta. Anatsuka kapu yake pa kasinki ka pakona, anaiika pashelefu, n'kutenga chikwama. Potsika masitepe ankayembekezera kuti amuitana, kapena kuti amva mapazi awo kumbuyo. Anangomva womata matayala akukoka chitseko chake chachitsulo.

Sitolo ya mankhwala inali isanatseke. Munali fungo la mankhwala opha majeremusi ndi anthu ochepa pamzere: mayi wobereka mwana wotsokomola, mnyamata wa bandeji kudzanja, ndi gogo wamwamuna atagwira kathumba ka mabotolo opanda kanthu. Namakani anaima kumbuyo kwawo. Kuseri kwa kauntala, mtsikana wovala gauni yoyera analemba dzina la gogoyo pakompyuta, anaponya diso pa sikirini, n'kutembenuka kukatenga mankhwala pashelefu.

Foni inayamba kunjenjemera m'chikwama. Anaitulutsa. Anali mkulu wake. Anaiyang'ana mpaka inasiya, ndipo itayambanso anaithimitsa n'kuibweza m'chikwama.

"Wotsatira," anatero mtsikanayo. "Tikuthandizeni chiyani, achemwali?"

"Sindikudwala," anatero Namakani. "Ndachokera ku kampani imene inakupangirani tsamba la pakompyutapo. Ndikufuna ndionane ndi eni sitolo ino. Ngati atanganidwa, ndidikira."